Kachingwe kofiira si kokongoletsera injini

Pa zipangizo zonse zomwe zimabwera ndi injini ya boti ikamachoka m'sitolo, chotchipa kwambiri ndicho chimayamba kusowa. Ndi kachingwe kofiira, kopotanapotana ngati chingwe cha telefoni za m'nyumba zija, komwe mbali imodzi kamakola pa swichi yozimitsira injini ndipo mbali inayo kamayenera kumangidwa pathupi pa woyendetsa. Pachingerezi chipangizochi amachitcha kill switch. Ntchito yake ndi imodzi basi: woyendetsa akagwa kapena akachoka pamalo pake mwadzidzidzi, injini izime nthawi yomweyo.

Inu amene mukukhala kufupi ndi nyanja m'boma la Nkhotakota, tsiku lina mudzalawire ku doko, kaya ndi ku Chia, ku Sani, pa boma kapena ku Ngala, nthawi yomwe maboti akubwerako ku usipa. Musadzayang'ane nsomba, mudzayang'ane injini. Pena mudzapeza kachingweko atakakulunga pa mkono wa injini ngati mkanda. Pena kanaduka kalekale, pa swichi anamangapo lekeni kapena kawaya. Pena swichi ikuoneka yabwinobwino koma waya wake anauzula mkati. Mudzawerenge nokha oyendetsa omwe akufika pa doko kachingwe kali pamwendo.

Maganizo anga ndi akuti boti lomwe swichi yake sikugwira ntchito lisamaloledwe kuchoka pa doko, monga momwe sitingalolere minibasi yopanda mabuleki kunyamuka pa depoti. Ndipo udindo wokonzetsa kapena kugula ina ukhale wa mwini boti, osati wa alovi.

Tiyambe n'kumvetsa momwe kanthu aka kamagwirira ntchito, poti ambiri amakapeputsa kaamba kosadziwa. Injini zomwe zafala m'madoko athu, monga za Yamaha Enduro za mahosipawa 15, 25 ndi 40, zimalira chifukwa cha moto wa magetsi wochokera m'kabokosi kotchedwa CDI kupita ku mapulagi. Swichi ija ili ndi kabatani ka sipuling'i komwe nthawi zonse kamafuna kubwerera mkati. Kapulasitiki ka kunsonga kwa kachingwe, kokhala ngati foloko ya mano awiri, ndiko kamatchinga kabataniko. Kapulasitikiko kakangosololoka, kabatani kamalowa, mawaya awiri amalumikizana, magetsi opita ku mapulagi amathawira m'chitsulo cha injini ndipo moto umazima. Sipafunika batire, sipafunika kompyuta. Pa injini zambiri za Yamaha mawayawo ndi woyera ndi wakuda.

Kapangidwe kosavuta kameneka ndi komwenso kamaika anthu m'mayesero. Swichi ikalowa madzi, mchenga kapena dzimbiri, mawaya aja amatha kulumikizana okha, injini n'kukana kulira ngakhale kapulasitiki kali m'malo mwake. Munthu amakoka chingwe cholizira mpaka phewa kuwawa. Uku dzuwa likulowa, anzawo anyamuka kale, siginala wakonza nyali zake ndipo akungoyang'ana. Amabwera makaniko, n'kutsegula chivindikiro, n'kuzula waya woyera uja. Kukoka kamodzi, injini yalira. Onse mtima pansi, ulendo wayambika.

Kuzula wayawo pakokha si kulakwa. Imeneyo ndi njira yoyezera: injini ikalira waya atazulidwa, ndiye kuti matenda ali pa swichi. Kulakwa n'kusiya zinthu zili choncho, lero, mawa, mpaka chaka kutha. Zili ngati kumasula mabuleki a njinga chifukwa akukhula tayala, kenako n'kumanyadira kuti njinga yayamba kuthamanga.

Palinso kufa kwina kwa swichi komwe n'koopsa kuposa apa chifukwa sikuonekera. Dzimbiri likadya tizitsulo ta mkati, kabatani kamalowa koma magetsi osadutsa. Injini imalira bwinobwino tsiku lililonse, kachingwe kali pomwepo, ndipo palibe amadziwa kuti kanasiya ntchito mpaka tsiku lomwe kakufunika.

Nanga injini yopanda swichi amaizimitsa bwanji? Ena amakoka choko kuti itsamwe ndi mafuta. Ena amazula paipi ya petulo n'kudikira kuti wotsala m'kabuleta athe. Njira zonsezi zimafuna munthu woti ali pafupi ndi injini, ali ndi nthawi, ndipo mutu wake uli m'malo. Ngozi sipereka zitatuzi.

Taganizani za malo omwe woyendetsa amakhala. Amakhala kumapeto kwenikweni kwa boti, nthawi zambiri m'mphepete, pa thabwa lonyowa komanso loterera ndi mamba a nsomba. Wachezera usiku wonse. Poopa kutopa dzanja pa ulendo wautali, ambiri amamangitsa kasikuluwu kogwira mafuta pa mkono wa injini kuti liwiro lisamatsike akataya. Funde limodzi lobwera cham'mbali, kapena tulo ta mphindi imodzi, munthu ali m'madzi. Injini sidziwa kuti mwini wake wagwa.

Zikatero pamachitika chimodzi mwa ziwiri. Boti likhoza kupitirira, kumusiya munthu mumdima pakati pa nyanja yomwe malo ena ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Apo ayi, poti palibe wagwira mkono wa injini, mphamvu ya propela imakankhira injiniyo mbali imodzi, boti n'kuyamba kuzungulira, kubwerera pomwepo pomwe munthu wagwera. Likamuphonya ulendo woyamba limabweranso. Azungu kuzungulira kumeneku anakupatsa dzina lotanthauza bwalo la imfa.

Propela si chinthu chosewera nacho. Injini yaing'ono ikamathamanga kwambiri imazungulira maulendo pafupifupi 5,000 pa mphindi. Magiya amachepetsa liwiroli ndi theka, kotero propela imazungulira maulendo pafupifupi 40 pa sekondi imodzi. Ili ndi mapeni atatu. Ndiye kuti pa sekondi imodzi yokha, mwendo kapena msana wa munthu ukhoza kutemedwa maulendo oposa 100. Munthu wovulala motere akufunika kumuvuula, kuyenda naye mpaka ku gombe, kusaka galimoto pa msewu wa M5, kufika naye pa chipatala cha boma cha Nkhotakota kapena cha St Anne's, mwinanso kumutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 200. Magazi sadikira zonsezi.

Tisaiwalenso kuti swichi sithandiza wogwa yekha. Madoko athu ndi malo omwe ana amasambirapo, amayi amachapirapo, ndipo ogula nsomba amalowa m'madzi mpaka m'chiuno kuthamangira boti lisanakocheze. Ukonde kapena chingwe chikhozanso kukola pa propela munthu atachigwira. Pamenepo pamafunika kuzimitsa injini ndi chala chimodzi, osati kuyamba kufufuza paipi ya mafuta.

Maiko ena anaphunzira izi ndi misozi. Pa 5 Meyi 2013, pafupi ndi tauni ya Padstow ku England, banja la anthu 6 linaponyedwa m'madzi boti lawo litakhota mwamphamvu. Botilo linayamba kuzungulira lokha n'kumawadutsa. Bambo ndi mwana wake wamkazi wa zaka 8 anafera pomwepo, mayi anaduka mwendo, ndipo mwana wamwamuna wamng'ono anavulala kwambiri. Bungwe lofufuza ngozi za pamadzi m'dzikolo, la Marine Accident Investigation Branch, linapeza kuti kachingwe kanalipo m'botimo koma woyendetsa sanadzimange nako. Linali boti la anthu opeza bwino, lokhala ndi zonse, koma chinasowa ndi chizolowezi chokha.

Ku United States, kuyambira pa 1 Epulo 2021, lamulo la dziko lonse limakakamiza oyendetsa maboti azisangalalo osafika mamita 8 kuvala kachingweka boti likamathamanga. Lamulolo limakhudza ngakhale injini za mahosipawa 3. Ngati anzathu anaona kuti injini ya mahosipawa 3 ikhoza kupha, ife tinganene chiyani za 40 zomwe zikukoka chilimira usiku uliwonse?

Asodzi ali ndi mayankho awo pa nkhaniyi, ndipo si onse omwe ndi opanda nzeru. Ndi bwino tiwamve.

Loyamba ndi lakuti maboti a matabwa ndi olemera, sathamanga ngati a azungu, ndipo m'boti la chilimira mumakhala anthu pafupifupi 10. Woyendetsa akagwa, wina agwira injini. N'zoona kuti nthawi zina zimatheka. Koma pa ulendo wopita kapena wobwerera, alovi ambiri amakhala atagona kapena atakhala kutsogolo. Pakati pa iwo ndi injini pali mulu wa ukonde, zigubu za mafuta, nsomba, mwinanso bwato lomwe alikweza pamwamba. Kudumpha zonsezi mumdima, boti likupendekeka, kumatenga nthawi yoposa yomwe boti limafuna kuti lizungulire kamodzi. Komanso si maulendo onse omwe mumakhala anthu ambiri. Pokatenga mafuta, pokoka mabwato, potuta nkhuni kapena pochingamira nsomba pamadzi, woyendetsa amakhala yekha kapena ndi mnyamata mmodzi.

Lachiwiri ndi lakuti kachingwe kakhoza kusololoka mwangozi nyanja itakalipa, injini n'kuzima pa nthawi yomwe boti likufunika kuloza mafunde. Mantha amenewa ndi omveka kwa aliyense wodziwa mwera. Koma kusololoka kotere kawirikawiri kumachitika pa zifukwa ziwiri: kumanga kachingwe pa dzanja lomwe likuyendayenda, ndi kugwiritsa ntchito kapulasitiki ka mtundu wina wa injini. Ka Yamaha, ka Suzuki, ka Tohatsu ndi ka Mercury n'tosiyana makulidwe, ndipo kolakwika kamakhala kokhwepa kapena kothina mopitirira. Kachingwe koyenera, komangidwa pamwendo chakumtunda kwa bondo, sikavutitsa munthu yemwe wakhala pamalo pake. Ndipo woyendetsa alibe chifukwa chosiyira injini ili m'giya n'kupita kukathandiza kukoka ukonde.

Lachitatu ndi funso labwino kwambiri: woyendetsa akagwa ndi kachingwe kake, otsala m'boti aliza bwanji injini kuti akamutole? Yankho lake si kutaya kachingwe, koma kukhala ndi tiwiri. Kachiwiri kamangiriridwe pamalo odziwika ndi aliyense pafupi ndi injini, ndipo m'boti mukhale munthu wina wodziwa kuliza ndi kuyendetsa. Akafika pafupi ndi wogwayo azimitse injini asanayambe kumukoka.

Lachinayi ndi ndalama. Palibe angakane kuti zinthu zavuta. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo. Sitolo zogulitsa zipangizo zenizeni za injini za maboti sizipezeka pa doko lililonse. Komabe tiyeni tiwerengere bwino. Kachingwe sikafika pa mtengo wa petulo wa usiku umodzi. Swichi yatsopano ndi kachigawo kakang'ono zedi ka mtengo wa injini, yomwe ndi ya mamiliyoni. Boti lothawa lokha likhoza kukaphwanyika pa miyala, kuomba boti la mnzako kapena kulowera kutsidya ku Mozambique mpaka mafuta atathe. Ngakhale munthu wongoganiza za chuma chake, wosalabadira za moyo wa wina, akuyenera kuona kuti kusakonzetsa ndiye kuluza.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Amene amasankha zokonzetsa kapena kusakonzetsa nthawi zambiri si amene amalowa m'nyanja. Mwini zipangizo amagona kunyumba, n'kudzadzuka m'mawa kudzawerenga zigoba za usipa. M'madoko ambiri alovi salandira malipiro a pamwezi. Amagawana zotsala akachotsera mafuta ndi gawo la bwana. Mnyamata wotere sangalimbe mtima kunena kuti boti lisanyamuke chifukwa cha swichi. Akudziwa kuti usiku umodzi osapita ndiye kuti kunyumba sikuphikidwa, ndipo pa doko pali anyamata ena asanu odikira malo ake. Choncho amangokhala chete. Wosankha sakumana ndi ngozi, wokumana ndi ngozi alibe mawu. N'chifukwa chake nkhaniyi singasiyidwe m'manja mwa woyendetsa yekha.

Chabwino n'chakuti kukonza kwake sikufuna sukulu yapamwamba. Kuyeza swichi n'kosavuta: injini ili m'madzi, giya ili pa fulii, ilizeni kenako kokani kachingwe. Izime pomwepo. Ikapitiriza kulira, kapena ikazengereza, boti limenelo lili ndi vuto. Makaniko aone ngati waya sunazulidwe kapena kuduka, ayeretse polumikizira, aonenso ngati waya wakuda wagwira bwino pa chitsulo cha injini. Amene ali ndi mita yoyezera magetsi aone kuti kapulasitiki kakachotsedwa magetsi akudutsa, kakabwezeredwa sakudutsa. Swichi yomwe yadyeka mkati si yomatamata ayi, njofunika kuchotsa n'kuikapo ina. Ndi ntchito ya mawaya awiri ndi nati imodzi, yosatha ngakhale ola.

Kachingwe nakonso kamakalamba. Dzuwa la kunyanja limakaumitsa, kamayamba ming'alu, kamatamuka n'kusiya kubwerera. Koteroko kakhoza kuduka pakati munthu akagwa, kapulasitiki n'kutsala pa swichi, injini n'kumalirabe. Kakafika apo kasinthidwe. Kasalumikizidwe ndi chingwe cha ukonde kuti katalike, chifukwa kakatalika kwambiri munthu amafika m'madzi kasanakoke.

Tsono ndani aonetsetse kuti izi zikuchitika? Sitikufunika kudikira wina wochokera ku Capital Hill. M'madoko muli kale makomiti a asodzi, ma Beach Village Committee, omwe anayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993 ndipo lamulo la zausodzi la 1997 linatsegula khomo loti anthu akumudzi azitenga nawo mbali poyang'anira usodzi. Makomitiwa amalondera nyengo yotseka nyanja komanso amalanda maukonde oletsedwa, kuphatikizapo maneti a udzudzu. Ngati ali ndi mphamvu zoteteza ana a chambo, angalephere bwanji kuteteza ana a anthu? Kuyeza swichi ya boti limodzi sikutha mphindi imodzi. Komiti ikhoza kusankha tsiku limodzi pa mwezi, mwezi ukawala pomwe ambiri sapita ku kauni, n'kuyeza maboti onse a pa doko lake. Lolephera lisanyamuke mpaka litakonzedwa, ndipo chindapusa chipite kwa mwini boti, chisachotsedwe pa gawo la alovi.

Wina asanene kuti asodzi samva malamulo. Anansi athu ku Salima ali ndi chilumba cha Mbenji, komwe kuyambira zaka za m'ma 1950 ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka ndi kutsegula usodzi chaka ndi chaka, komanso kuletsa mowa ndi juga pa chilumbapo. Malamulo amenewo sanachokere m'ofesi ya boma, koma amatsatidwa, ndipo wophwanya amathamangitsidwa. Mafumu a ku Nkhotakota, a Malengachanzi, a Mwadzama, a Mphonde, a Kanyenda ndi anzawo, mawu awo amamveka m'madoko. Atanena kuti boti lopanda kachingwe lisachoke pa gombe lawo, nkhani ingasinthe nyengo imodzi isanathe.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Lamulo la Inland Waters Shipping Act la 1995 limapatsa nthambi yoona za maulendo a pamadzi mphamvu zolembetsa ndi kuyendera maboti. Woyendera aliyense akafika pa boti la injini, asamangowerenga majekete oyandamitsa ndi kuona mapepala. Azikoka kachingwe ndi dzanja lake n'kumva ngati injini yazima. Sukulu ya zapamadzi ya ku Monkey Bay ndi ya zausodzi ya ku Mpwepwe ku Mangochi zikhoza kukonza maphunziro afupiafupi a amakaniko a m'madoko, chifukwa iwowa ndiwo amagwira waya woyera uja. Makaniko wodzilemekeza aziuza mwini boti maso ndi maso kuti: "Bwana, ndazula wayayu pongoyeza chabe, bweretsani swichi ndiikepo." Ogulitsa petulo, oyilo ndi mapulagi m'misika ya m'mbali mwa nyanja azisunganso tizingwe ndi maswichi. Wailesi ya Nkhotakota Community Radio, yomwe asodzi amamvera, ikamaulutsa chenjezo la mwera lochokera ku nthambi yoona za nyengo, iziwonjezerapo mawu awiri okumbutsa za kachingwe.

Ndisakunamizeni kuti kachingwe kathetsa ngozi zonse za panyanja. Sikaletsa mwera, womwe umaomba miyezi yozizira ndipo unamiza sitima ya Viphya pa 30 Julaye 1946, n'kupha anthu 145. Sikachepetsa katundu m'boti lodzaza mopyola muyeso, monga lomwe linatembenuka ku Mlowe m'boma la Rumphi pa Pasaka wa 2017. Sikayandamitsa munthu wosadziwa kusambira. Imeneyo ndi ntchito ya jekete. Bungwe la World Health Organization linati mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi pa dziko lonse, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, chigawo cha Africa ndicho chinali patsogolo. Vutoli n'lalikulu ndipo lili ndi mitu yambiri.

Koma pa mitu yonseyo, uwu ndi womwe tingaudule tokha, popanda ngongole ya kunja, popanda msonkhano wa ku hotela. Mphepo sitingailamule. Umphawi womwe umakankhira anthu m'nyanja yokalipa sutha mawa. Waya wozulidwa ukhoza kubwezeredwa lero masana. M'dziko muno muli asodzi oposa 60,000, ndipo kumbuyo kwa aliyense kuli banja lomwe limayang'ana ku nyanja m'mawa uliwonse. Bungwe la United Nations linakhazikitsa 25 Julaye kukhala tsiku lokumbukira kupewa kumira m'madzi, ndipo kwa ife tsikuli limagwa mkati mwa nyengo ya mwera. Bwanji madoko a ku Nkhotakota osalisandutsa tsiku loyeza injini zonse, m'malo mwa tsiku la malankhulidwe ndi matisheti?

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Inu eni maboti, swichi ija munaiika pambali kuti mudzagula nsomba zikadzagwa, gulani sabata ino. Inu oyendetsa, kachingwe malo ake ndi pamwendo panu, osati pa mkono wa injini. Kudziwa nyanja kwa zaka 20 sikuletsa thabwa kuterera. Inu amayi amene amuna anu ndi ana anu amapita ku kauni, ndi inu nonse okwera maboti a matola, muli ndi ufulu wofunsa. Musanakwere, kapena musanatsanzikane naye madzulo ano, muuzeni woyendetsa alize injini, akoke kachingwe inu mukuona. Ikapanda kuzima, boti limenelo ligone pa mchenga.